Tsiku Limene Tombolombo Anakana Kunyamuka

Kalekale, milatho ya kuchigwa isanamangidwe, kunali kandege kena kamene sikankafuna bwalo. Kankatera paliponse pamene ng'ombe zingapo zingagone, n'kunyamukanso chiimirire ngati kakukwera makwerero. Eni ake ankati ndi helikoputa, koma anthu a kuchigwako, poona mutu wake waukulu wagalasi ndi kamchira kowonda, anangoti uyu ndi Tombolombo, dzina n'kukhala lomwelo.

Nkhani ya tsiku limene Tombolombo anakatenga Chanazi pakati pa madzi inkakambidwa pawiri, ndipo okambawo anali a mimba imodzi. A Zuze, amene ankayendetsa Tombolombo, ankati, "Ndege ndi chitsulo, ndipo chitsulo sichidziwa njira. Mayi uja ndinakamutenga ndine." A Alufandika, mkulu wawo, amene ankakonza ndegeyo, akamva zimenezi ankagwedeza mutu. "Unakamutenga utakwera chiyani, lichero?" Mlongo wawo Luwiza, amene anali namwino, ankangowakumbutsa onse awiri kuti alipo wina amene anatsala m'matope. Atatuwa ankakondana kwambiri, koma mkanganowu sunkalephera paliponse akakumana, kaya pa chinkhoswe kaya pa ukwati.

Komatu mwini nkhani ndi Chanazi, choncho tiyambire kwa iye.

Chanazi anakula akumuona Tombolombo akusintha malaya. Ali kamtsikana, Tombolombo anali wa esiteti ya thonje, atamangiriridwa matanki m'nthiti ndi mipope yaitali uku ndi uku. Ankauluka motsika kupopera mankhwala, ana n'kumathawira m'nyumba atatsina mphuno. Esiteti itatsekedwa, anamutenga a zanyama. Matanki anachoka, zitseko zinachokanso kuti owerenga njovu aziona bwino pansi, ndipo njovu zikalowa m'minda ya mapira, Tombolombo ankabwera kudzazikusa ngati mbuzi. Atakalamba anaperekedwa ku chipatala cha mishoni cha kumtunda, nampaka utoto woyera kuti azinyamula odwala. Pa kusamuka konseku a Alufandika ndi a Zuze ankapita naye, ngati ana otsata mayi awo ku banja latsopano.

Chanazi anakwatiwa kutsidya, pamudzi wa pakati pa mitsinje iwiri. Nthawi yake yobereka itayandikira, mwamuna wake anali kutali kodula nzimbe, ndipo amene anabwera kudzamudikirira anali azakhali ake a Dominga, mlongo wa bambo ake, amene anamulera kuyambira ali wamng'ono. A Dominga anali mayi wathupi ndi wa mawu okwera. Sanalolepo kuti mwana wa mchimwene wawo agone ndi njala, ndipo sanalolepo kuti awapambane pa mkangano.

Chaka chimenecho mvula inagwa kumapiri kosalekeza, ndipo madzi anatsikira kuchigwa osagogoda. Mudzi wonse unathawira pa kamtunda pamene panali sukulu. M'kalasi momwemo, mabenchi atakankhidwira kukhoma, Chanazi anabereka mwana wamkazi. Mwanayo analira bwino. Koma magazi a mayi ake sanaleke. Amayi anayesa zonse zimene ankadziwa, kenako mphunzitsi wamkulu anathamangira pa wailesi ya mauthenga n'kuitana kuchipatala.

Chanazi anamva phokoso lija analidziwa kuyambira ubwana, phaphaphapha, likuyandikira mpaka malata a sukulu kunjenjemera. Kunalowa mayi wovala zoyera, matope ali m'mawondo. "Ndine Luwiza," anatero, "musaope." Anamubaya jakisoni, anamuika diripi, ndipo amuna anayi anamunyamula pa machira kupita naye panja.

Kumbuyo kwa machira kunkabwera a Dominga, khanda litamangidwa pachifuwa ndi chitenje. Kumbuyo kwa a Dominga kunali mzere wa amayi: wina ndowa, wina mapoto, wina mphasa, wina thumba la ufa, wina mtolo wa nkhuni, ndipo wotsiriza anali ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Musawaseke msanga. Kwathu kuno wodwala sapita kuchipatala yekha. Amapita ndi womudikirira, amene amamuphikira, kumuchapira, kumutembenuza, ndi kukadzutsa anamwino zinthu zikavuta. Wodikirira wopanda poto ndi nkhuni ali ngati mlimi wopanda khasu. A Dominga ankachita zimene mayi aliyense wodziwa udindo wake akanachita.

"Adalaivala," anaitana, "tsegulani kumbuyo."

"Mayi, kumbuyo kulibe," anayankha a Zuze.

"Ndiye akwere pamwamba. Anyamata inu, ponyani nkhunizo pamwamba!"

A Zuze analoza mapiko amene ankazungulira pamwamba pa mitu yawo. "Pamwambapo pali eni ake, mayi. Siyani zonsezo pansi."

A Dominga anavomera ndi pakamwa. Koma pamene a Zuze ndi Luwiza anali kumangirira machira, amayi aja analowetsa ufa kunsi kwa machirawo, mapoto kunsi kwa mpando, nkhuku pakati pa mapazi a azakhaliwo. Onse atakwera, Tombolombo analira, ananjenjemera, anadzuka pang'ono, nakhalanso pansi. Anayesanso, koma chimodzimodzi. Kunali kotentha, mpweya uli wolemera ndi chinyezi, ndipo tsiku lotere kandege kakang'ono kamakhala ngati munthu wa chifuwa pa chitunda.

A Zuze anacheuka n'kuona khutu la poto. "Chilichonse chosapuma chitsike!"

"Nkhuku ikupuma," anatero a Dominga.

"Nayonso itsike!"

Zonse zinaponyedwa panja. Tombolombo anadzuka kufika m'chiuno mwa munthu, nabwereranso m'matope. Apa a Zuze sanakuwe. Anayankhula motsitsa. "Munthu mmodzi atsike. Mayi, pepani, ndinu."

A Dominga anagwira dzanja la Chanazi. "Ine? Mwana wa mchimwene wanga akafere m'manja mwa alendo? Ndikatsika ine atsikenso iyeyu, afere pamene ndikumuona."

Chanazi ankamva mawu onsewa ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. Anayesa kunena kuti azakhali, mverani, koma chimene chinatuluka pakamwa pake chinali china. "Azakhali, musandisiye."

Luwiza anawayang'ana onse awiri. Ankadziwa chinthu chimene enawo sankachidziwa: kuchipatala magazi anali atatha chitsekekereni misewu, ndipo iye mwini magazi ake anali atangowapereka kumene kwa wodwala wina. Chanazi akanafika wopanda mbale wompatsa magazi, kukanakhala kungosintha malo ofera.

"Mayi, mwadwalapo posachedwapa?"

"Ine sindidwala."

"Magazi mungapereke?"

"Ndowa yonse."

Luwiza anatenga dzanja la a Dominga n'kuliika pamimba pa Chanazi, m'munsi mwa mchombo. "Mukumva cholimbachi, chonga dzungu laling'ono? Chikafewa, sisitani mwamphamvu mpaka chilimbenso. Akalira musaleke. Akakutukwanani musaleke." Atatero anamasula lamba wake, natenga bokosi lake la mankhwala, nadumphira pansi.

"Luwiza, usachite misala!" anakuwa a Zuze. "Madzi akukwera, ndipo ndi mitambo iyi lero sindibweranso!"

"Nyamukani, achimwene. Mukamayankhula mafuta akutha."

Kuyambira pamenepo Chanazi sanakumbuke zambiri. Mphepo, phokoso, kuzizira kwa mapazi, ndi dzanja lolemera limene linkamupweteka pamimba osatopa.

Anatsitsimuka ali pa bedi, magazi a munthu wina akulowa m'mkono mwake. Anamwino anamuuza kuti magazi a azakhali ake anagwirizana ndi ake, ndiponso kuti mayi wosadwala uja ataona singano anakomoka, ndipo atadzuka ananena kuti anali kupemphera. Anamuuzanso kuti Luwiza anatsala kusukulu kuja madzi mpaka kulowa m'mawindo, anthu n'kukwera padenga, ndipo Tombolombo anakamutenga nyengo itasintha, mapazi atatupa, mawu atasasa.

Masiku amenewo a Dominga anakhala chete, chinthu chimene Chanazi anali asanachionepo. Ku khitchini ya odikirira odwala ankaphika ndi poto wobwereka pa moto wopempha. Kumeneko ndiye anamva anamwino akunena kuti mayi uja wa m'madzi akanachedwa pang'ono pokha, bwenzi tikunena zina. Anabwera pa bedi n'kukhala pansi, osati pa mpando.

Kwawo kwa Chanazi mwambo unali wakuti mwana wamkazi woyamba amatchedwa dzina ndi azakhali a mayi ake, mchombo ukangogwa. Ndipo kutcha dzina sikunali kungotchula mawu ayi. Wotcha dzina amakhala kholo lachiwiri. Mwana akakwiya kwawo amathawira kwa iye, akatha msinkhu amalangizidwa iye alipo, pa ukwati amakhala kutsogolo. A Dominga anali atasunga dzina mumtima chiyambireni mimba ija.

"Mwanawe," anatero, "ine ndinatsala pang'ono kukupha ndi mapoto. Dzina la mwanayu sinditcha. Atche amene anakupulumutsa. Ali atatu, ana a nyumba imodzi. Usankhe ndiwe."

"Azakhali, ine ndisankha bwanji? Ndinali nditagona."

"Ndiye ufunse."

Sanachite kufunsa. Nkhani pachipatala imayenda msanga kuposa mankhwala, ndipo atatu aja anabwera okha, aliyense pa nthawi yake.

Oyamba anali a Alufandika, manja ali kumbuyo poopa kudetsa khanda ndi mafuta a injini. Anali munthu wamkulu ndithu, ndipo nyumba yawo inalibe mwana. "Mayi," anatero, "ine sindinanyowe, zimenezo n'zoona. Koma Tombolombo atabwera kuno, akuluakulu ankafuna zitseko zachitsulo ndi mipando yawofuwofu. Ndinakana mpaka kutsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Ndinaika chinsalu cha lona m'malo mwa zitseko. Machira munagonapo aja ndinawotcherera ndine, ndi kambedza kamene panapachikidwa diripi yanu. Kunsi kwa miyendo yake ndinamangako matabwa otambalala ngati mapazi a bakha, kuti asamire m'matope. Ngakhale bokosi la masipanala la malemu bambo athu, limene linkakwera mmenemo chiyambireni masiku a thonje, ndinalitsitsa chifukwa cholemera. Ndinalira tsiku limenelo. Koma likanakhalamo, azakhali anu sakanakwera."

Achiwiri anali a Zuze, amene analowa akupereka moni ku bedi lililonse. "Mlongo wanga," anatero, "achimwene akuuzani za mapazi a bakha, sichoncho? Bakhayo sanadziyendetse. Tsiku lija pansi panalibe msewu, panalibe mtsinje, panalibe mudzi. Madzi ofiira okhaokha, mitambo ili pamutu. Ndinatsata nsonga za migwalangwa imene ndinkaizemba popopera thonje, mpaka ndinaona malata a sukulu. Pobwerera, Tombolombo anali akadali wolemera. Ndinamukwawitsa cha kumene kunkachokera mphepo, ndinamugwetsera cha kumadzi, matabwa aja mpaka kunyambita mafunde, kenako ndiye anagwira mpweya. Zimenezo ndinaphunzira pothamangitsana ndi njovu. Dzanja likananjenjemera pamenepo, bwenzi tonse tili chakudya cha ng'ona." Anaweramira khanda lija. "Taonani, akundisekerera. Wandizindikira ameneyu."

Wotsiriza anali Luwiza, akutsokomolabe. Anayamba wayang'ana m'maso mwa Chanazi ndi pamchombo pa mwana, kenako anakhala m'mphepete mwa bedi. "Ine sindinakonze ndege, sindinaiyendetse. Ndinangotsika. Ndipo dziwani kuti akuluakulu anandidzudzula koopsa, chifukwa namwino sasiya wodwala wake. Sanalakwe. Mukanatsirizikira m'mwamba muja, mlandu ukanakhala wanga moyo wanga wonse. Padenga paja sindinkaopa madzi kwenikweni, ndinkaopa zimenezo." Anasisita kaphazi ka mwana. "Komabe ndisaname, dzinalo ndikulifuna. Ndalandira ana ambiri m'manja awa, onse amapita. Ndikufuna mmodzi woti azidzabweranso."

Chanazi anasowa mtendere. Akaganiza za a Alufandika, ankaona kuti popanda iwo ndege sikanatera, komanso kuti iwo sanaike moyo wawo pachiswe, ndipo ntchito yawo anaichitira aliyense, osati iye. Akaganiza za a Zuze, ankaona kuti anaika moyo pachiswe, komanso kuti ndi iwo amene anati azakhali atsike, ndipo akanamveredwa, magazi akanachokera kuti? Akaganiza za Luwiza, mtima unkamufewa, koma ankadziwanso kuti kutsika kwake kukanakhala kwachabe ndege ikanamira m'matope kapena kusochera m'mitambo. Amayi a m'chipinda chimenecho anagawanika patatu, mpaka wina amene anali atangochitidwa opaleshoni analetsedwa kuseka. Ndipo mchombo wa mwana unkauma tsiku ndi tsiku, osadikira kuti mayi ake aganize.

Unagwa m'mawa wina. Masana ake anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba, pafupi ndi khitchini ya odikirira odwala. A Alufandika anali atakwecha manja mpaka kuyera, a Zuze anavala chipewa chawo cha ntchito, Luwiza anabwera ndi chitenje chatsopano chopindidwa bwino. Anakhala pa benchi imodzi akugundana zigongono.

"Achimwene, dzina mwakonza lotani? Sipanala?" anafunsa a Zuze.

"Ndi bwino kusiyana ndi lako. Iwe ungamutche Mitambo."

"Khalani chete nonse," anatero Luwiza, "mukumuopseza mwana wanga."

A Dominga anakhala patali, cha kumbali, akusankha nyemba m'lichero lobwereka, osadzutsa mutu.

Chanazi anatuluka pang'onopang'ono, mwana ali m'manja. Anagwada pamaso pa benchi ija.

"Bambo Alufandika, zimene munachita ndazimva, ndipo ndazikhulupirira. Bambo Zuze, zanunso ndazimva, ndazikhulupirira. Achemwali a Luwiza, zanu ndazimva kwa anthu ambiri. Moyo wangawu ndi wanu nonse, ndipo mwanayu adzakula akudziwa makomo anu. Koma zonsezi ndachita kuuzidwa. Chimene ndinachimva ndekha m'thupi mwanga ndi chimodzi. Ndinkapita, ndipo panali dzanja limene linkandikaniza. Ndinalitukwana, ndinalikanda, silinachoke."

Anadzuka, anadutsa benchi ija, nakaika mwana pamwamba pa nyemba za a Dominga.

"Iwe, chotsa mwanayu!" anakuwa a Dominga. "Ndinakuuza kuti sinditcha! Ulibe makutu?"

"Munati ndisankhe ndine, azakhali."

A Dominga anamunyamula mwanayo, misozi ikugwera pa kamutu kake, natchula dzina lija anasunga miyezi yonse.

"Amene ankafuna kuponya nkhuni pa mapiko!" anadandaula a Zuze atagwira chipewa kumanja. A Alufandika anaseka mpaka kupukuta m'maso, ngakhale ena amati sikunali kuseka kokha. Luwiza ananyamuka, nakafunditsa mwanayo chitenje chatsopano chija, n'kubwerera kuntchito.

Umo ndimo anachitira Chanazi. Ena amati anaweruza bwino, pakuti a Dominga anagwira mimba, anapereka magazi, ndipo kuuma mutu kwawo komwe kuja ndiko kunawafikitsa kuchipatala. Ena amati ayi, dzanja lija linaikidwa pamenepo ndi Luwiza, m'ndege yopepuka ya a Alufandika, yoyendetsedwa ndi a Zuze, ndipo mwini dzanjayo ndi amene anachedwetsa ulendo ndi ufa ndi nkhuku. Amati Chanazi anangothawa mlandu wovuta n'kubisala kumbuyo kwa mbale wake.

Tsono inu amene mwamva mbali zonse, wokonza, woyendetsa, wotsika, ndi wokana kutsika, mukanakhala Chanazi, mwanayo mukanamuika m'manja mwa yani?